Kumfunira Khomo Tambala Wolusa

Pa ziweto zonse za kwathu kuno, palibe ciweto cokhala pafupi ndi munthu koposa nkhuku. Ng'ombe ziri ndi eni ace owerengeka, mbuzi sizipezeka pa khomo liri lonse, koma nkhuku mudzaipeza kwa mfumu ndi kwa mmphawi, kumudzi ndi m'tauni momwe. Mlendo wolemekezeka akafika timphera nkhuku. Munthu akacimwira mnzace pa kamlandu kakang'ono apepesa ndi nkhuku. Pa cinkhoswe a kucimuna apereka tambala, a kucikazi nabwezera msoti, ndipo apo ubale wamangika. Ngakhale pamene dziko la Malawi linaleka ndalama za mapaundi ndi masheleni m'caka ca 1971, ndalama yatsopanoyo anaipatsa dzina la Kwacha, ndi yaing'ono yace dzina la Tambala, kuti matambala 100 akwane Kwacha imodzi. Pakuti tambala ndiye amene alalikira mudzi wonse kuti kunja kwaca.

Popeza tsono tambala timcitira ulemu wotere, kumatibvuta kudziwa cocita pamene tambala wathu yemwe asanduka cirombo pa khomo. Ambiri a inu owerenga mudamuonapo tambala wotere: wosafuna kuona munthu akudutsa pa bwalo, wothamangitsa ana, wolumphira amai alikuanika ufa pa mphasa. Anthu amaseka akamva kuti munthu wamkulu wathawa nkhuku, koma amene anatemedwapo ndi minga ya ku miyendo yace saseka. Ine ndinaweta tambala wotere, ndipo pomfunira malo ena ndinazindikira kuti kupeza munthu womlandira nkwapafupi, koma kupeza khomo lomuyenera ndi nchito yaikulu. Mau anga m'nkhani yino ndi awa: wopereka tambala wolusa ayenera kumpereka pamodzi ndi mbiri yace yonse, ndiponso ampereke kumene ukali wacewo uli ndi nchito.

UKALI WACE UCOKERA KUTI?

Tisanamweruze tambala, nkwabwino kuti tiyambe tadziwa cimene cimcititsa zotere. Nkhuku sinali ciweto ciyambire. Kholo lace ndi mbalame ya m'nkhalango za ku Asia, yonga tambala wathu wofiira koma yocepa thupi, imene ikali kupezeka kufikira lero m'maiko a India, Thailand ndi ena oyandikana nao. M'caka ca 2022 akatswiri ofukula zinthu zakale analengeza kuti mafupa akale koposa onse amene atsimikizika kuti ndi a nkhuku zoweta anafukulidwa pa malo a Ban Non Wat ku Thailand, ndipo ndi a nyengo ya pakati pa zaka za 1650 ndi 1250 Kristu asanabadwe. Kuthengo kuja tambala amakhala ndi matadzi owerengeka m'dera lace, ndipo moyo wa banja lonselo umatsamira pa maso ace ndi kulimba mtima kwace. Zaka zoposa 3,000 za kudyera pa khomo la munthu sizinamuiwalitse udindo umenewo.

Mukakhala pa khonde ndi kumpenyetsetsa tsiku limodzi lathunthu, mudzaona kuti ali ndi nchito zitatu. Akafukula ciswe kapena akagwira ciwala, sadya yekha ai. Aitana matadzi ndi kaliu kofulumira, natola cakudyaco ndi kucigwetsanso pamaso pao kufikira thadzi lina litacitola. Kabawi akaoneka mumlengalenga, tambala akuwa ndi liu lalitali, ndipo anapiye onse athawira pansi pa nkhokwe; koma akaona galu kapena likongwe pansi, liu lace ndi lina, lodukaduka, ndipo nkhuku zimva kusiyana kwace. Nchito yacitatu ndiyo nkhondo. Mdani akayandikira, tambala aima pakati pa iye ndi matadzi, ndipo zida zace ndizo mlomo, mapiko, ndi minga ija yomera kumbuyo kwa miyendo, imene m'kati mwace muli fupa ndipo ikulirakulira caka ndi caka.

Pakati pa nkhuku palinso ukulu ndi ung'ono. M'caka ca 1922 munthu wina wa ku Norway, dzina lace Thorleif Schjelderup-Ebbe, amene anayamba kupenyerera nkhuku akali mwana, analemba kuti m'khola liri lonse nkhuku iri yonse idziwa imene ingaijomphe ndi imene iyenera kuipatukira. Pambuyo pace, m'caka ca 2015, akatswiri a ku Nagoya m'dziko la Japan anaonetsa kuti atambala akakhala angapo pamodzi, woyamba kulira mbandakuca ndiye wamkulu wao, enawo nadikira. Ndipo akamcotsa wamkuluyo, wotsatana naye atenga malo ace. Makolo athu anazidziwa kale za mpikisano umenewu, pakuti anatisiyira mau akuti atambala awiri salira m'khola limodzi.

Ndipo ukali umenewu uli m'mwazi. M'caka ca 1849 sing'anga wina wa ku Göttingen m'dziko la Germany, dzina lace Arnold Berthold, anafula atambala ang'ono, napeza kuti anakula osalira bwino, osamenyana, ndi osasamala matadzi. Koma aja anawabwezera ziwalo za umuna m'mimba anakula monga atambala ena onse. Ici ndico cifukwa cace tambala amene anali wofatsa akali wamng'ono asandulika akafika miyezi 5 kapena 6: umuna wadzuka. Tsono tambala wolusa si wamisala kapena wolodzedwa, monga ena anena. Iye ndi mlonda amene wasokoneza adani, nawerenga anthu a pa khomo pamodzi ndi akabawi ndi atambala anzace. Kawirikawiri wocita zotere ndi uja anazolowera manja a anthu akali mwanapiye, naleka kuopa munthu. Ndipo pa bwalo lopanikizika, pamene munthu sangadutse osapyola pakati pa matadzi, cizolowezico cikula msanga.

KAPITAO

Wanga anabadwira pa khomo pathu pomwe, ku Kawale mu mzinda wa Lilongwe, kumene mabwalo ndi ang'ono ndipo nyumba yanu ndi ya mnansi zisiyana ndi mpanda wa udzu wokha. Anali wofiira, wa mcira wakuda wobiriwira, wamtali miyendo, ndipo cifukwa ca kayendedwe kace konyada ana anampatsa dzina lakuti Kapitao. Anali ndi matadzi 4 okha, ndi bwalo loti munthu alidutsa ndi mapazi 20. Pa miyezi yace yoyamba anali wofatsa kotero kuti ana anali kumnyamula, iye osakana.

Atakwana miyezi 7 zinayamba. Poyamba anali kundiyandikira cammbali, phiko limodzi atalitsitsa, nthenga za m'khosi zitaima, akujompha pansi monga ngati alikudya, koma diso liri pa ine. Ici ndi cizindikiro cimene woweta ali yense ayenera kucidziwa, pakuti kawirikawiri tambala ayamba wacenjeza asanalumphe. Atapita masiku owerengeka anayamba kulumphira ali yense womfulatira. Amai a kunyumba anawatema pa katumba alikuanika zobvala, ndipo mwana wathu wamkulu analeka kutuluka kukataya phulusa wopanda ndodo m'manja.

Tinayesa njira zonse zimene oweta odziwa amalangiza. Sitinammenye, cifukwa tambala womenyedwa aganiza kuti wapeza mnzace womenyana naye, ndipo mawa abwera ndi mphamvu zoposa. Polowa m'bwalo tinali kunyamula licero lakale ngati cikopa, osamfulatira ndi osathawa. Ine ndinali kumgwira ndi kumpanira m'khwapa mapiko ali opindika, ndi kuyenda naye pa bwalo kufikira atafatsa. Nsonga za minga yace ndinazipala ndi tupa kuti zibunthe, koma pang'ono pokha, popeza m'kati mwace muli mwazi. Masana ambiri anali kukhala wotsekeredwa. Zonsezi zinathandiza pa cinthu cimodzi: Kapitao anaphunzira kundiopa ine. Koma tambala saphunzira kuti anthu onse ndi amodzi. Alemekeza amene wamgonjetsa, nayesabe mwai wace pa otsalawo, makamaka ang'ono.

Tsiku lina madzulo anauluka pamwamba pa mpanda natera m'bwalo la anansi athu, mmene munali mwana wa zaka ziwiri atakhala pa mphasa ndi cimanga cooca m'manja. Kulira kwa mwanayo kunamveka nyumba zonse za pafupi. Munga unamng'amba pa tsaya, cala cimodzi copingasa pansi pa diso. Bala tinalitsuka ndi madzi ndi sopo, ndipo tinapita naye mwana ku cipatala usiku womwewo, pakuti bala la munga wa tambala licepa pakamwa koma lizama, ndipo miyendo yopalasa m'dzala ndi m'ndowe ingathe kulowetsa matenda, ngakhale kafumbata amene.

M'mawa mwace amai ace a mwanayo anaodira pa khomo pathu, nakhala pansi mwaulemu. "Bambo," anatero, "ine sindinadzere mlandu ai, takhala bwino zaka zonsezi. Koma mwaona nokha pamene panatera munga uja. Mwanayu msinkhu wace ndi wa tambala yemweyo. Pamene inu akutemani mwendo, iye amtema m'maso." Ndinayankha kuti, "Tamva, Amai. Kuyambira lero satulukanso m'khola, ndipo mwezi uno usanathe adzakhala atacoka." Mau a amai amenewa ndiwo muyeso woona wa nkhani yonseyi. Kwa munthu wamkulu tambala wolusa ndi cosautsa cabe. Kwa mwana wamng'ono ndi ngozi ya diso, ndipo diso silimera kawiri.

MPHIKA, MSIKA, KAPENA KUPATSA

Pamaso panga panali njira zitatu. Yoyamba ndi mphika, ndipo amai a kunyumba anaikonda imeneyi. "Abambo," anatero, "mpeni ulipo, nkhuni ziripo, matimati alipo, tibvutikiranji?" Ndinene poyera kuti njira imeneyi iribe manyazi. Nkhuku timaweta kuti tidye, ndipo kumene kulibe khomo loyenera, mphika ndiwo cifundo kwa ana ndi kwa tambala yemwe, kusiyana ndi kumsunga moyo wace wonse m'kakhola ka mdima. Cimene cinandiletsa ine ndi cakuti Kapitao anali wamkulu thupi, wosadwaladwala, ndipo ciyambire kukula kwace sitinatayepo mwanapiye ndi khwangwala kapena mphaka. Ndinaganiza kuti ukali umene unali tsoka pa bwalo la mapazi 20 ungakhale cuma pa khomo lina.

Njira yaciwiri ndi msika. Imeneyi ndiyo yapafupi, ndiponso ndiyo yonyenga. Tambala womangidwa miyendo ndi luzi, atagona m'fumbi padzuwa, aoneka wofatsa ngati nkhunda. Wogula amkweza m'manja kuyesa kulemera kwace, napapasa pa cifuwa, nafunsa mtengo. Safunsa za mtima wace. Ngati agulira ndiwo, palibe kanthu. Koma ngati agulira mbeu, ndipo kwace kuli ana okwawa, wogulitsa amene anakhala cete wanyamula ngozi ya pa khomo pace naiika pa khomo la mnzace, nalandirapo ndalama. Akulu anati coipa citsata mwini. Koma ca mtundu uwu ciyamba catsata mwana wa eni, amene sanacimwe kanthu.

Inatsala njira yacitatu, ya kupatsa. Mbiri itamveka kuti ndiri ndi tambala wamkulu wopereka ulere, omfuna sanasowe. Woyamba anali mnzanga wa ku nchito, wa ana atatu ang'onoang'ono. Nditamfotokozera zonse anaseka nati, "Acimwene, ana anga anakulira kumudzi, saopa nkhuku." Ndinamkaniza ndithu, ngakhale anaipidwa nazo masiku angapo, pakuti kusaopa kwa mwana sikuteteza diso lace. Waciwiri anali mlamu wanga, amene anali kale ndi tambala wace wamkulu ndi matadzi 6. Kumeneko Kapitao akadafika ndi nkhondo, pakuti atambala awiri olingana mphamvu pa bwalo locepa angathe kumenyana kufikira wina atacita khungu kapena kufa, matadzi nathothoka nthenga za pamsana cifukwa ca kukweredwa kosaleka.

Pokana anthu awiriwa ndinapeza mafunso amene wopereka ali yense ayenera kufunsa. Kodi pa khomopo, kapena kwa anansi apafupi, pali ana ang'ono? Kodi pali tambala wina? Matadzi alipo angati, popeza tambala mmodzi ayenera matadzi ngati 10 kuti mphamvu zace zigawike? Kodi bwalo ndi lalikulu kotero kuti nkhuku ndi anthu angathe kupatukirana? Kodi liripo khola lomtsekera pakabwera alendo? Ndipo funso lotsiriza, limene ambiri aliopa, ndi ili: kodi wolandirayo ali nao mtima wakumupha tsiku limene adzaopsa mwana? Munthu wozemba funso limeneli musampatse.

KWA AMALUME

Khomo loyenera linapezeka kwa amalume anga, m'mudzi wina wa kufupi ndi Linthipe m'boma la Dedza. Nyumba yao iri kumapeto a mudzi, kuyang'ana kudambo. Ana ao onse anakula nacoka, ndipo adzukulu abwera pa Khirisimasi pokha. Anali ndi matadzi 11, koma tambala wao anali atagwidwa ndi bvumbwe, ndipo akabawi anali kutola anapiye monga afuna. Ndinayamba ndapita ndekha wopanda tambala, pakuti munthu akafika ndi mphatso m'manja, mwini khomo acita manyazi kuikana.

Titatha malonje ndinati, "Amalume, ndiri ndi tambala amene ndifuna kukupatsani, koma muyambe mwamva mbiri yace." Ndinafotokoza zonse, za katumba wa amai a kunyumba, za mpanda, ndi za tsaya la mwana wa anansi, osasiyako kanthu. Iwo anakhala cete kanthawi, naseka nati, "Mphwanga, anthu akafuna kutaya cinthu amayamba ndi kucitama, iwe wayamba ndi kucineneza. Koma nkhuku pano si zanga. Funsa eni ace." Apo ananena zoona, pakuti m'midzi yathu nkhuku ziri m'manja mwa amai, ndiwo azitsegulira m'mawa, naziwazira gaga, nazitsekera madzulo, ndipo ndiwo ayamba kukomana ndi minga. Akazi ao a malume anamva nkhani yonse kaciwiri, nati, "Bwera naye, mwanawe, anapiye anga atha. Koma ndineneretu lero lomwe: akadzangokhudza mwana wa munthu, dzuwa limenelo silidzalowa iye asanalowe mumphika." Ndinabvomera ndi mtima wonse.

Panatsala cinthu cina cimene opatsana nkhuku ambiri aciiwala, ndico matenda. Citopa, cimene Azungu acidziwa ndi dzina la Newcastle cifukwa cinazindikirika m'caka ca 1926 ku mzinda wa dzina limenelo ku England, ndiponso ku cisumbu ca Java, cingathe kutha khola lonse m'masiku owerengeka, makamaka m'nyengo ya cirimwe. Ndipo kawirikawiri cilowa m'mudzi ndi nkhuku yogula kapena yopatsidwa. Mankhwala ocizira palibe, koma katemera alipo, wa I-2, wodonthezera dontho limodzi m'diso la nkhuku miyezi 4 iri yonse, amene alangizi a ziweto afika naye m'midzi. Kapitao anali atalandira dontho lace, komabe nkhuku yolandira katemera ingathe kunyamula nthendayo yosaoneka kudwala. Cifukwa cace tinapangana kuti akafika akhale m'khola la yekha, kutali ndi matadzi, masabata atatu. Ndinamfunafunanso utitiri ndi nsabwe pansi pa mapiko ndi kumutu, kuti mphatso yanga isapite ndi alendo ena.

Ndinamgwira usiku ali m'tulo, popeza nkhuku siona bwino mumdima ndipo sibvuta kugwira. Ndinamuika m'dengu loyala udzu, ndi kuphimba ndi ciguduli copyapyala, ndipo tinakwera basi ya mbandakuca dzuwa lisanatenthe. Kunyamula nkhuku cadodolido pa njinga mtunda wautali, monga acita ena, ndi nkhanza, ndipo zina zifera m'njira ndi ludzu. Masabata atatu a m'khola aja anathandizanso pa cinthu cina: tambala anazolowera nkhope ndi mau a eni ace atsopano, namva matadzi ali patali, nadziwa kuti kwao tsopano ndi kumeneko. Anamtsegulira tsiku lina madzulo, nkhuku ziri pafupi kulowa, ndipo m'mawa mwace anatuluka nazo monga ngati anabadwira pomwepo.

ZIMENE ZINATSATA

Ndikanena kuti Kapitao anasanduka wofatsa ndinganame. Anawalumphira amalume kawiri m'mwezi woyamba, ndipo kufikira tsiku lace lomaliza munthu wacilendo sanali kudutsa pakati pa matadzi ace wopanda kamtengo m'manja. Mtima wace unakhala womwewo. Cimene cinasintha ndi malo. Kukaca anali kutsogolera matadzi kunka kumphepete kwa munda, nakhala komweko kufikira dzuwa litapendeka, kotero kuti tsiku lonse anali kukomana ndi anthu kamodzi kapena kawiri, pamene kwathu anali kukomana nao ora liri lonse. Adani enieni anamculukira, ndipo ukali wace unapeza kolowera. Akazi ao a malume anandiuza kuti anamuona ndi maso ao akulumphira kabawi amene anatsikira anapiye, kabawiyo nathawa cimanjamanja. Adzukulu akabwera anali kumtsekera m'khola kufikira atapita, ndipo cifukwa ca ici sanakhudzenso mwana wa munthu.

Anakhala kumeneko zaka ziwiri. Pamenepo amalume anamupha, cifukwa tambala akakhalitsa pa khomo limodzi ayamba kukwera ana ace omwe, ndipo mbeu ifooka. M'malo mwace anabweretsa wina wa ku mudzi wina. Mwa ana ace acimuna, onse oonetsa mtima wolumphira anthu ndiwo anayamba kudyedwa, pakuti ukali wotere umatsata mtundu, ndipo woweta wanzeru asunga wamkulu thupi amene aopa munthu, nadya wolusa. Kwathu ku Kawale anansi aja tikali kupemphana moto ndi mcere, ndipo mwana uja alikukula ndi maso ace onse awiri, ndi kacipsera kakang'ono pa tsaya.

Makolo anati kupatsa ndi kuika. Ambiri tiwamva mau amenewa ngati akunena zabwino zokha, kuti copereka lero cidzabwera mawa. Koma pamodzi ndi ciweto tiika kwa mnzathu dzina lathu lomwe. Tambala wolusa woperekedwa mwakacetecete adzalira m'mawa uli wonse pa khomo la eni, ndipo kulira kwace kudzawakumbutsa amene anawanyenga. Tsono inu amene muli naye tambala wotere, musafulumire kumtemberera, ndiponso musacedwe naye pamene pali ana. Mtsekereni lero lomwe. Funafunani khomo la bwalo lalikulu, la matadzi ambiri, lopanda tambala wina ndi lopanda ana okwawa. Kambani ndi amene adzamdyetsa, muwauze zoipa zace zonse asanaone kukongola kwace. Ndipo akafika apatulidwe masabata atatu cifukwa ca citopa. Koma khomo lotere likasoweka, musamtengere ku msika muli cete. Itanani anansi anu, mutereke madzi, mudyere naye nsima pamodzi.